Yoga yandiphunzitsa kuthokoza

Abale anzanga a kuno ku Nsanje, masiku ano ndikumachita yoga (masewera owongola thupi ndi kukhazika mtima pansi) mbandakucha, chifukwa dzuwa la Okutobala m'chigwa muno likangotuluka, thukuta limakhala kamukamu. Ndimayala mphasa pansi pa mtengo wa nimu, kuongola msana, kenako kukhala phee n'kumakoka mpweya ndi mphuno, kuutulutsa pang'onopang'ono. Mtima umagunda modekha, mapewa amamasuka.

Nthawi imeneyi ndi yomwe ndimakumbukira zomwe ndili nazo: miyendo yondifikitsa kudimba, madzi a pamjigo, komanso ana anga omwe anapulumuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe anzathu ambiri anataya nyumba ndi abale awo. Nkhawa ya mtengo wa chimanga ikadalipo, koma usiku ndikumagona tulo tabwino.

Ena akuti yoga ndi zachipembedzo chachilendo. N'zoona kuti yoga inachokera ku India, ndipo bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 Juni ngati tsiku lake. Ine kutchalitchi ndimapitabe monga kale.

Amayi anzanga amene msana umakuwawani mukaweruka kumunda, bwerani Loweruka m'mamawa tidzayesere limodzi. Mudzatenge mphasa yanu ndi madzi akumwa.