Sabata ya mlangizi wa ziweto mvula ikayandikira

Sabata yoyamba ya Novembala imakhala yothina, chifukwa ziweto zimakhala zitaonda pa nthawi imene ntchito yaikulu ikuzidikira. Msipu udapserera kalekale, madambo aphwa, koma mvula ikangogwa aliyense amafuna ng'ombe zake zilowe m'munda tsiku lomwelo.

Lolemba ndi Lachiwiri tinali pa ng'ombe zolimira. Ng'ombe imene yakhala miyezi osakoka kanthu siingagwire tsiku lathunthu. Iyambe ndi kukoka chipika kapena ngolo yopanda katundu kwa ola limodzi, nthawi nkumawonjezereka pang'onopang'ono mpaka maola 4 kapena 5, kuyambira mbandakucha dzuwa lisanatenthe. Madzulo ipatsidwe masangwe a mtedza, mapesi, madeya makilogalamu 1 kapena 2, kamchere ndi madzi okwanira.

Zilonda zambiri zapakhosi gwero lake ndi goli. Goli likhale losalala, likhazikike patsogolo pa linunda, zikeyi (timitengo ta goli totsikira m'mbali mwa khosi) zisakhale ndi nsonga, ndipo chingwe chapansi chisafinye pammero. Dzanja lizitha kulowa pakati pa chingwecho ndi khosi. Ng'ombe ziwirizo zikhale zofanana msinkhu, apo ayi yaifupi ndiyo imasenza zonse. Pulawo nayo tinaiona. Mlimi akamakanikiza zogwirira mpaka thukuta kamukamu, ndiye kuti khasu latha kapena tcheni chakoledwa polakwika. Kukweza pokolera tcheni kapena kuchitalikitsa kumazamitsa pulawo. Kutsitsa kapena kufupikitsa kumaiyandamitsa. Gudumu lizingokhudza nthaka, lisamire. Kwa ofuna mizere ya masentimita 75, goli la rija (pulawo youngira mizere) litalikitse ng'ombe masentimita 150 kuchokera pakati pa khosi la ina kufika pa inzake.

Za abulu zimandiwawa mtima. Ambiri akuwamangabe goli la ng'ombe, chonsecho bulu alibe linunda. Mphamvu zake zili pachifuwa ngati hatchi. Akufunika lamba wotambalala wodutsa pachifuwa ndi kachishalo kofewa pamsana konyamula mtengo wa ngolo. Lamba wa tayala amasupula khungu akapanda kukulungidwa ndi nsalu kapena chikopa. Bulu wa chilonda apume kufikira chitapola.

Lachitatu linali la mbuzi. Timatsitsa chikope chapansi: chikakhala chofiira, magazi ali bwino, chikayera, makamaka ngati pansi pa chibwano patupa, ndi njoka zam'mimba. Mankhwala amwetsedwe molingana ndi kulemera kwa mbuzi, chifukwa kupereka ochepa ndiko kumachititsa njoka kuzolowera. Mankhwala a njoka otchedwa albendazole asaperekedwe kwa mbuzi yomwe yangotenga bere, amawononga mwana. Khola la m'mwamba litalike pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, mipata ikhale yoti zitosi zigwe koma chiboda cha kamwana chisakodwe.

Lachinayi ndi Lachisanu, katemera wa chitopa. Katemera wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye wongoswedwa mpaka tambala, miyezi 4 iliyonse: Marichi, Julayi ndi Novembala. Amapirira kutentha kusiyana ndi akatemera ena, komabe botolo liyende lokulungidwa m'kansalu konyowa, m'dengu, kutali ndi dzuwa, ndipo likatsegulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu. Eni nkhuku auzidwe dzulo lake kuti asazitsegulire m'mawa. Zikabalalika, theka silipezeka. Pakhomo pomwe nkhuku zayamba kale kuwodzera, kugwetsa mapiko ndi kutsegula m'mimba zobiriwira, sititemera. Katemera sachiza, ndipo zikafa anthu amati wazipha ndi iye. Zakufazo zikwiriridwe mozama kapena zitenthedwe, zodwala zisapite kumsika.

Loweruka tinapopera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa, tikusamala m'makutu, kukhwapa ndi pansi pa mchira, poti nkhupakupa yofalitsa chigodola cha ng'ombe imakonda m'makutu. Mvula ikakhazikika kupoperaku kudzakhala kwa sabata iliyonse.