Ulendo wa gulu lathu ku Liverpool, kumene The Beatles anayambira

Loweruka lapitali gulu lathu la oimba linanyamuka ku Manchester m'mamawa kupita ku Liverpool. Tinalipo anthu 8 m'minibasi ya hayala, ndipo amayi athu osunga thumba anali atakazinga mandasi oti tizidya m'njira. Tonse ndife Amalawi okhala kuno ku Britain. Ena ndi anamwino, ena timagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo kumapeto a sabata timaimba m'maukwati, m'zinkhoswe ndi pa chikondwerero cha 6 July. Kwa miyezi ingapo pakhala kusamvana pakati pathu. Achinyamata akuti atopa ndi kuimbira anthu ochepa m'maholo a tchalitchi, akufuna tipeze kampani ya zimbale yoti itisaine. Mtsogoleri wathu ndiye anati tiyambe takaona kumene gulu lotchuka la oimba la The Beatles linachokera, nkhaniyo tidzaikambe pobwerera.

Tinayambira ku Woolton, pa tchalitchi cha St Peter's. Pamenepa ndi pomwe John Lennon, ali ndi zaka 16, anakumana ndi Paul McCartney wa zaka 15 pa chisangalalo cha mpingo. Tsiku lake linatiseketsa tonse ndi chimwemwe: linali 6 July 1957, tsiku lomwe patapita zaka 7 linadzakhala la ufulu wa dziko lathu. Kagulu ka Lennon, The Quarrymen, komwe McCartney analowamo n'kudzasanduka The Beatles, kanalibe zida zoti n'kunyadira. Besi yawo inali bokosi lonyamulira tiyi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Achimwene athu oimba besi atamva zimenezi anaomba m'manja n'kunena kuti, "Ameneyotu ndi babatoni weniweni!" Iwo anaphunzira kuimba pa babatoni ali mwana ku Ndirande, ndipo sanaganizepo kuti gulu lotchuka chonchi linayamba ndi chida chofanana ndi chawo.

Malo amene anandikhudza mtima kwambiri ndi Casbah Coffee Club ku West Derby. Ndi zipinda zapansi pa nyumba yogona anthu. Mayi Mona Best ndi amene anazisandutsa malo oimbira achinyamata, n'kutsegula pa 29 August 1959, ndipo usiku woyamba anaimba ndi The Quarrymen, opanda n'komwe woimba ng'oma. Denga lake ndi lalifupi moti wamtali wa gulu lathu ankayenda choweramira. Anyamatawo anathandiza kupaka utoto malowo asanatsegulidwe, ndipo nyenyezi zomwe zinajambulidwa kudenga zilipobe mpaka lero. Pakhoma lina la matabwa pali dzina la John lomwe analizokota yekha. Ndinaima pakangodya komwe ankaimbirapo, ndinatambasula manja, ndipo ndinaona kuti ife 8 sitikanakwanapo ndi zida zathu. Holo ya tchalitchi yomwe timadandaula nayo ija ingameze kachipinda kameneko kangapo.

Mwana wa Mayi Best, Pete, ndi amene anakhala woimba ng'oma wa The Beatles mu August 1960, atatsala pang'ono kupita ku Hamburg ku Germany. Kumeneko anayambira ku Indra Club, kenako ku Kaiserkeller, akuimba maola ambirimbiri usiku uliwonse pamaso pa amalinyero ndi zidakwa, n'kumagona m'tizipinda ta kuseri kwa chinsalu cha kanema pa Bambi Kino. George Harrison, woimba gitala wawo, anachita kuthamangitsidwa m'dzikomo chifukwa anali ndi zaka 17 zokha. Koma atabwerera kwawo n'kukaimba ku Litherland Town Hall pa 27 December 1960, anthu a kwawo komweko anadabwa nawo, ena mpaka kuwayesa Ajeremani. Manja anali atakhwima.

Ku Mathew Street sitinakhalitse chifukwa alendo anali piringupiringu. Cavern Club yomwe ilipo lero inamangidwanso mu 1984, yoyamba ija itatsekedwa mu 1973, komabe ukatsika masitepe n'kulowa pansi pa makoma a njerwa okhota ngati uvuni, umamva kutentha ndi kupanikizika komwe kunalipo. The Beatles anaimba m'menemo kokwana 292, kuyambira February 1961 mpaka August 1963, nthawi zambiri masana, anthu a m'maofesi ndi m'masitolo atapumira nkhomaliro. Pa 9 November 1961 Brian Epstein, yemwe ankayang'anira sitolo ya zimbale ya banja lake ya NEMS ku Whitechapel, mtunda wongoyenda pansi, anatsika masitepe aja kudzawaonera. Mu January 1962 anakhala manijala wawo. Anawavula majekete achikopa, n'kuwaveka masuti, n'kuwaletsa kudya ndi kutukwana pa siteji.

Nkhani ya kusainidwa tinaikambira ku Pier Head, titakhala pafupi ndi ziboliboli za anyamata anayiwo, tikudya tchipisi mphepo ya mtsinje wa Mersey ikutiomba. Pa 1 January 1962 The Beatles anakayesedwa ku kampani ya zimbale ya Decca ku London, atayenda tsiku lonse m'chipale chofewa pagalimoto yonyamulira zida. Anaimba nyimbo 15 ndipo anawakana, kampaniyo n'kutenga Brian Poole and the Tremeloes. Epstein sanagwe ulesi. Anayenda ndi matepi a Decca omwewo khomo ndi khomo, mpaka atapita ku sitolo ya HMV pa Oxford Street kukawasamutsira pa mbale, anthu a kumeneko anamulumikiza ndi George Martin, wojambula nyimbo wa ku Parlophone, nthambi ya kampani ya EMI yomwe inkadziwika kwambiri ndi zimbale za nthabwala. Pa 6 June 1962 anyamatawo analowa mu situdiyo ya ku Abbey Road. Nyimbo yawo yoyamba, Love Me Do, inatuluka pa 5 October 1962 n'kufika pa nambala 17.

Achinyamata athu nkhope zinawala. Koma amayi osunga thumba anafunsa za ndalama, ndipo mtsogoleri anawayankha kuti mgwirizanowo unkapatsa gulu lonse peni imodzi pa mbale iliyonse yogulitsidwa, m'masiku omwe mapeni 240 ndiwo ankapanga paundi. Peni yomweyo azigawana anayi, manijala n'kutapaponso yake. Amayiwo anangopukusa mutu n'kunena kuti walira mvula walira matope.

Ine matope amene anandipweteka si a ndalama ayi. George Martin sanakhutire ndi kaimbidwe ka ng'oma ka Pete Best ndipo ananena kuti pojambula adzaitana wina. Anzake a Pete atatu aja sanamuuze okha. Anatuma Epstein, yemwe anamuitanira ku ofesi pa 16 August 1962 n'kumuuza kuti malo ake atenga Ringo Starr. Munthu woti anagona nawo kuseri kwa chinsalu ku Hamburg, woti mayi ake anawapatsa poimbira pamene analibe kolowera, anachotsedwa patatsala masabata 7 kuti mbale yoyamba ituluke. Pambuyo pake anagwirapo ntchito yolongedza buledi, kenako anakhala zaka pafupifupi 20 m'boma, pa ofesi yothandiza anthu kupeza ntchito. Ndalama zooneka anadzazilandira mu 1995, pamene nyimbo zakale zomwe anaimbamo ng'oma zinatulutsidwa. Sindikutsutsa kuti Ringo ankaimba bwino, ndipo mwina gulu linafunikadi kusintha. Chimene sindikuchivomereza ndi kusowa mtima woyang'ana mnzako m'maso n'kumuuza wekha.

Pamene tinkakamba zimenezi, achimwene athu oimba ng'oma anali chete, tchipisi chawo chikuzizira m'pepala. Iwo ndi wamkulu pa tonsefe, ndi amene anayambitsa gululi m'galaja ya kunyumba kwawo, ndipo tonse timadziwa, ngakhale palibe anayamba walankhulapo, kuti nyimbo zothamanga zimawavuta. Atakweza mutu anafunsa mofatsa kuti, "Nanga akabwera a kampani n'kunena kuti ine ndichoke, mudzatuma ndani kudzandiuza?" Palibe anayankha msanga. Mtsikana wathu woimba gitala, yemwe wakhala patsogolo pa nkhani yofuna kampani, ndi amene anadzuka n'kukakhala pambali pawo. Anati, "Achimwene, ngati pali chokamba tidzakamba nanu pamaso, m'galaja mwanu momwemo."

Tisanakwere minibasi tinagwirizana zinthu ziwiri, ndipo mlembi anazilemba m'kabuku kake. Choyamba, tivomera maukwati onse atatu omwe tinkazengereza nawo chaka chino, ngakhale awiri ndi a m'maholo ang'onoang'ono, ndipo tiziyeserera kawiri pa sabata osati kamodzi. Chachiwiri, tilemba pangano lathu lapakati pathu lonena za kagawidwe ka ndalama ndi kachotsedwe ka membala, tisanalankhule ndi kampani iliyonse. Pobwerera pa msewu wa M62 kunali kutada ndipo ambiri anagona. Ine ndinakhala kumbuyo, ndipo mpaka kufika ku Manchester ndinkamva achimwene aja akuomba zala pa mawondo, akubwereza kamayendedwe ka nyimbo yothamanga ija yomwe imawathawa.