Si zonse zothandiza makoswe zimathandiza anthu

Abale anga a kuno ku Thyolo amene mukusamalira odwala mtima wofooka, tamverani izi. Mankhwala ambiri a matendawa amayamba ayesedwa pa makoswe. Ofufuza amamanga ndi ulusi mtsempha wodyetsa mtima, mnofu wa mbali imeneyo umafa, kenako mtima umakula n'kumalephera kupopa magazi. Mu 1985 ofufuza Janice ndi Marc Pfeffer anasonyeza kuti mankhwala otchedwa captopril amatalikitsa moyo wa makoswe otere, ndipo mu 1992 zinatsimikizika pa anthu. Mankhwala otchedwa enalapril ndi a gulu lomwelo la captopril.

Za mahomoni, timadzi ta m'thupi towongolera ntchito za ziwalo, sizinayende choncho. Homoni ya chithokomiro yotchedwa T3 ndi homoni yokulitsa thupi zinalimbitsa mitima ya nyama, koma pa anthu phindu silinaoneke bwinobwino, ndipo T3 ikachuluka mtima umathamanga mosalongosoka. Nanga khoswe ndi munthu? Mtima wa khoswe umagunda koposa 300 pa mphindi, komanso kawirikawiri khoswe woyesedwayo amakhala wachichepere, wopanda shuga kapena vuto la impso.

Chonde musagule mankhwalawa pamsika. Mukayamba enalapril, akuyezeni impso ndi potaziyamu (mchere wina wa m'magazi) pakatha sabata 1 kapena 2, ndipo mayi woyembekezera asamwe. Miyendo ikatupa kapena sikelo ikakwera ndi makilogalamu 2 m'masiku 3, fulumirani kuchipatala.