Madzi a ku Capileira

Basi yochokera mumzinda wa Granada, ku Spain, imadutsa pa Lanjarón ndi pa Órgiva, kenako n'kuyamba kukwera mapiri a Sierra Nevada. Makona ake, okhawo amene anakwerapo msewu wa Golodi wopita ku Livingstonia ndi amene angandimvetse. Musakhute musanakwere. Midzi itatu ya m'chigwa cha Poqueira inachita kusanjikizana paphiri: Pampaneira m'munsi, Bubión pakati, Capileira pamwamba penipeni, mamita opitirira 1,400 kuchokera pamene pali nyanja. Ine ndinakatsikira wapamwambawo.

Nyumba zake ndi zoyera mbee, madenga osapendekeka, omata ndi dothi lotuwa lotchedwa launa kuti asadonthe. Anayambitsa mamangidwe amenewa ndi Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa, n'chifukwa chake mudziwu ukufanana ndi ya m'mapiri a ku Morocco.

Nthawi itakwana 2 koloko, masitolo ambiri anatseka. Tawuni yodalira alendo, koma eni ake akapuma! Posowa chochita, ndinatsata ngalande ina yopita kumtunda kwa mudzi.

Kumeneko ndinapeza madala ena ataima ndi khasu, maso ali pawotchi. Nthawi yawo itakwana anawerama, n'kuzula mwala wafulati umene unatseka pakamwa pa kangalande kawo, n'kuuimika m'ngalande yaikulu. Madzi anakhota okha kulowa m'munda wa nyemba ndi mbatatesi. Anandikodola, n'kundipatsa khasu kuti ndiziwatsegulira mizere umodziumodzi. Madziwo kuzizira kwake, mapazi anachita dzanzi m'nsapato.

Mdzukulu wawo, yemwe ankalankhulako Chingelezi, ndi amene ankatimasulira. Mlimi aliyense ali ndi maola ake othirira, ndipo ukachedwa zako zada, madzi apita kwa mnzako. Chisanu chikamatha, chipale chofewa cha paphiri la Mulhacén chikayamba kusungunuka, ngalande zina amazitayira dala pamalo okwera kuti madzi alowe pansi. Amadzatumphuka m'akasupe a kumunsi pakapita miyezi, dzuwa litafika poswa mtengo. Asilamu akale aja anasandutsa phiri lonse kukhala thanki, popanda pampu kapena simenti.

Eni nzeruzo sanachoke bwino. Granada, umene unali ufumu wa Asilamu, inagwa m'manja mwa Akhristu mu 1492, ndipo pasanapite zaka zambiri Asilamu anakakamizidwa kubatizidwa. Mu 1568 a m'mapiri muno anaukira motsogozedwa ndi Aben Humeya, koma pofika 1571 anali atagonja, n'kusamutsidwa. Minda yawo inapatsidwa kwa Akhristu ochokera zigawo zina. Kuno amasimba kuti m'mudzi uliwonse munasiyidwa mabanja awiri kuti aphunzitse obwerawo kayendetsedwe ka madzi. Kuthamangitsa munthu, koma ngalande yake n'kuifunabe.

Titamaliza, agogowo anathyola tomato wamkulu, n'kumucheka ndi kampeni ka m'thumba, n'kuwaza mchere umene anaukulunga m'pepala. Tinadya chiimirire. Nditapisa m'thumba anandigwira dzanja, akupukusa mutu ngati ndawatukwana.

Ndikanakonda alendo akamafika kumeneku. Ambiri amathera ku Pampaneira, kujambula madzi oyenda pakati pa msewu, kugula makalapeti a nsanza otchedwa jarapas, basi n'kubwerera. Ngalandezi zimafuna anthu ozipala chaka ndi chaka, ndipo amene ndinawaona m'minda ambiri anali a imvi.

Za chakudya: mbale yotchuka kuno ndi plato alpujarreño, mbatatesi yokazinga, dzira, soseji, soseji ina ya magazi, ndi nyama ya nkhumba youmitsa pamwamba. Ndinalipira mayuro pafupifupi 12. M'mudzi womangidwa ndi Asilamu, nkhumba pa nkhumba! Ngati simudya, neneranitu msanga. Mukagula chakumwa amakupatsirani kachakudya kaulere, ndipo kameneko kadzakuthandizani, chifukwa chamadzulo sachiika pamoto msanga, mpaka cha m'ma 8. Tengani juzi ngakhale mu July. Mabasi obwerera ku Granada ndi ochepa patsiku, ndiye funsiranitu nthawi ya yomaliza mukangotsika.