Loweruka la chiperoni pa Malumbe

Pakanapanda Loweruka, sabata yathayi inalibe choti munthu n'kulemba. Lolemba ife operekeza alendo paphiri la Zomba tinatengera banja la anthu anayi ku mathithi a Mandala Falls ndi Williams Falls, maola 3 basi. Lachiwiri kunalibe mlendo. Lachitatu tinakweza ophunzira pa njira ya Potato Path kuchokera m'tauni mpaka Ku Chawe pamwamba pa phiri, ndipo Lachinayi tinazungulira ku Emperor's View ndi Queen's View kunja kutayera moti nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka bwinobwino. Zimenezo aliyense woperekeza alendo kuno ku Zomba amazidziwa, sindichedwapo.

Loweruka kunabwera anthu 9 ogwira ntchito limodzi ku Blantyre. Ofesi yomwe imatitumizira alendo inawagulitsa ulendo wozungulira uja: kunyamuka Ku Chawe, kudzera ku dzenje la Chingwe, kukwera nsonga ya Malumbe, n'kubwerera pamsana pa phiri. Inawauza kuti ndi kokawongola miyendo m'nkhalango ya paini. Anzanga, Malumbe ndiye nsonga yayitali kuposa zonse paphiri la Zomba, mamita opitirira 2,080, ndipo munthu wozolowera amatha maola 6 kuti azungulire. Gulu limayenda ndi liwiro la munthu wochedwetsetsa, choncho anthu okhalira mu ofesi muwawerengere maola 7 kapena 8. Mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu 5, ndipo m'mapaini mdima umayamba nthawiyo isanakwane. Ndiye chifukwa chake timanyamuka 7 koloko m'mawa. Iwo anatsika galimoto 10:40, poti ofesi inawauza kuti nthawi iliyonse ya m'mawa ili bwino.

Titayang'ana katundu wawo mtima unagunda. Aliyense anali ndi kabotolo kamodzi ka madzi ka 500 ml, pomwe ulendowu umafuna malita 2 pa munthu. Atatu anavala nsapato zosalala kunsi. Ambiri anali m'majinzi ndi malaya a thonje, ndipo wa jekete yoteteza mvula anali mmodzi. Jinzi ikanyowa siuma tsiku lomwelo, imamatirira pathupi n'kumachotsa kutentha. Tinawapempha kuti tifupikitse, tikathere pa dzenje la Chingwe. Mtsogoleri wawo anati, "Achimwene, ife talipira Malumbe, ndipo ku ofesi kwanu atilonjeza Malumbe." Tinaimba ku ofesiko. Yankho linali loti tisakhumudwitse alendo.

Apa ndi pomwe ife operekeza tinalakwa, ndipo ndikuvomera poyera. Tinafika pa dzenje la Chingwe hafu 1. Malo amenewo ndiwo obwererapo, chifukwa pali msewu wafumbi woti galimoto yamphamvu itha kufika. Ukangopitirira, munthu akavulala ndi wonyamula pamapewa. Zizindikiro zinalipo kale: Mulanje anali atabisika kuyambira m'mawa, mphepo inali itayamba kuwomba kuchokera kumwera chakum'mawa, yozizira ndi yachinyezi. Chiperoni chimabwera choncho, kuchokera mbali ya Mozambique, ndipo chikagunda phiri chimasanduka nkhungu ndi mvula yowaza yosaleka. Kumadzulo chigwa cha Shire chinkaoneka choyera, alendo n'kumati kunja kuli bwino. Tinapitirira.

Tinafika pansonga 3 koloko itadutsa, nkhungu itatseka moti munthu wa patsogolo pako mamita 10 sumamuona. Tinawaika pamzere, woperekeza mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, n'kumawerengana mphindi 10 zilizonse. Chakumadzulo kwa msana umenewu kuli phompho, ndiye m'nkhungu palibe wololedwa kupatuka ngakhale akufuna kukataya madzi osanena. Potsika ndi pomwe anthu amavulala, osati pokwera: miyendo yatopa, mawondo akunjenjemera, udzu ndi dothi zanyowa. Mayi wina wa nsapato zosalala uja anaterereka, phazi linatsalira pakati pa miyala thupi likupita.

Tinayamba ndi kuyeza ngati fupa lathyoka. Tinawafunsa ngati angaponde n'kuyenda mapazi anayi, analephera. Titakanikiza fupa la kunja kwa kakolo anakuwa. Zikatero timatenga ngati fupa lathyoka mpaka achipatala anene okha. Tinamasula zingwe za nsapato koma osaivula, tinaika timitengo tiwiri m'mbali titakulunga ndi nsalu, n'kumanga mosathinitsa, ndipo tinkayang'ana zala ngati zikumva kukhudza. M'chikwama cha chithandizo choyamba chomwe ofesi imatipatsa munali bandeji imodzi yotha mphamvu, thonje ndi mapulasitala. Munalibe bulangeti lonyezimira losunga kutentha, munalibe tochi, munalibe mluzu. Zinthu zimenezi takhala tikuzipempha kuyambira nyengo yozizira yapitayo.

Chinandiopsa kwambiri sichinali phazi. Gulu likaima pamphepo litanyowa, kuzizira kumalowa msanga. Patapita theka la ola bambo wina wa jinzi anayamba kunjenjemera kwambiri, kenako mawu anayamba kukokeka ngati woledzera, zipi ya chikwama akulephera kutseka. Ameneyo ndi munthu amene kutentha kwa m'thupi kukutsika, ndipo akasiya kunjenjemera zinthu zafika poipa. Tinamuvula malaya onyowa, tinamuveka juzi youma ndi chipewa, tinamukhazika pa chikwama osati pansi, anzake awiri n'kumupanikiza uku ndi uku kumbuyo kwa thanthwe. Anamwa tiyi wa shuga wambiri wa m'fulasiki yathu ndi kudya nthochi ziwiri. Mnzake anatulutsa kabotolo ka mowa woti amutenthetse, tinakaniza. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pomwe kutentha kukuthawa.

Machila tinalibe. Kupanga ndi majekete kukanatheka, koma majeketewo ndi omwe amafunika pathupi. Anatipulumutsa ndi anyamata atatu otola nkhuni omwe mnzanga anawapeza kumunsi. Anali ndi chikwanje ndi matumba awiri opanda kanthu a makilogalamu 50. Tinadula mitengo iwiri yowongoka, yaitali mamita awiri ndi theka, yonenepa ngati mkono, tinaboola ngodya za matumba n'kulowetsa mitengoyo. Musananyamule wovulala yesani kaye ndi munthu wosavulala wolemera mofanana. Onyamula amafunika 6, kusinthana mbali pafupipafupi, ndipo pamalo otsetsereka wina atsogole kumanena popondapo. Sitinapitirize njira yozungulira. Tinabwerera kumsewu wa ku dzenje la Chingwe, chifukwa ndi machila, mumdima, kilomita imodzi imatha ola lathunthu.

Netiweki kumeneko imagwira pena ndi pena. Mafoni ambiri a alendo anali atatha moto ndi zithunzi, otsalawo tinawasandutsa matochi. Titapeza ofesi, anati dalaivala waweruka, tione chochita. Ofesi yomwe inalandira ndalama za anthu 9 inalibe galimoto yodikira, inalibenso munthu wodziwa kuti gulu lake lili mbali iti ya phiri. Tinachita kupempha mwini galimoto ina yonyamula matabwa, ndipo ya mafuta inachoka m'matumba mwa alendo. Mayi aja anafika kuchipatala 10 koloko usiku, ndipo chithunzi cha X-ray chinaonetsa kuti fupa laling'ono la kunja kwa kakolo lathyokadi. Bambo aja anali atayamba kulankhula bwino tisanafike pamsewu. Anyamata a nkhuni aja anatisiya pagalimoto n'kutsika okha mumdima, ndipo ofesi sinafunse n'komwe kuti awathokoze bwanji.

Lamulungu m'mawa foni yoyamba yochokera ku ofesi inali yofunsa chifukwa chake alendo akufuna kubwezeredwa ndalama. Za phazi la mayi aja anafunsa pomaliza. Tinakhala pansi ndi anzathu operekeza n'kulemba zomwe tikufuna zisanachitikenso: gulu la Malumbe lizinyamuka 7 koloko, likafika pa dzenje la Chingwe 11 koloko itadutsa lizibwerera, ndipo mawu a woperekeza pa zimenezi akhale omaliza. Alendo aziuzidwa polipira za malita 2 a madzi, nsapato zamano kunsi ndi chovala cha mvula. Chikwama chilichonse chikhale ndi mabandeji atatu, mabulangeti onyezimira awiri, matochi a pamutu awiri ndi mluzu, ndipo galimoto ikhale tcheru mpaka gulu litatsika. Matumba awiri opanda kanthu tayamba kale kuyenda nawo tokha, salemera.

Loweruka likubwerali ofesi yalembetsa anthu 12 a ulendo womwewo. Tawayankha kuti akafika 7 koloko itadutsa tidzawatengera ku Williams Falls. Mpaka pano sanayankhe.