Kufufuza mbiri ya nyumba yakale: yambani ndi nambala ya puloti

Anthu ambiri akafuna kudziwa kuti nyumba yakale ya ku Sunnyside, ku Limbe kapena m'tsinde mwa phiri la Zomba inamangidwa liti, amathamangira ku National Archives, kosungira mapepala akale a boma ku Zomba. Ulendo woterewu kawirikawiri umangotha ndalama, chifukwa mafayilo akumeneko sanasanjidwe potsata nyumba. Anasanjidwa potsata ofesi imene inawalemba. Choyamba kukhala nacho m'manja ndi nambala ya puloti, ndipo kafukufuku yense amayenda chobwerera m'mbuyo: mwini wa lero, amene anamugulitsa, amene anagulitsa ameneyo, mpaka pamene mapepala athere.

Nambalayi imapezeka pa kalata ya city rates yochokera ku khonsolo, kapena pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, ngati eni nyumba alola kuti muchione. Ku Blantyre mapuloti ambiri amayamba ndi zilembo za dera, monga BC, BW, BE, LC ndi LE, kutanthauza zigawo za Blantyre ndi Limbe. Ku Lilongwe amayamba ndi nambala ya Area. Nambala ya puloti ndi nambala ya title nthawi zina zimasiyana, ndipo ku Lilongwe title imakhala ndi dzina la chigawo monga Bwaila kapena Alimaunde. Lembani zonse ziwiri. Muyendenso m'malire a puloti kufunafuna mabikoni, timiyala ta simenti timene oyeza malo amakwirira m'makona, kuti mutsimikize kuti pepala limene mwagwira likunena za dothi limene mwapondapo.

Ku ofesi ya zamalo kuli makaundula a mitundu iwiri, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka. Malo amene analembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act la 1967 ali ndi tsamba lawolawo. Mukalipira ndi kupempha search, mumapatsidwa zigawo zitatu: kufotokoza malowo, maina a eni ake, ndi ngongole kapena ziletso zimene zili pamalopo. Tsambali ndi losavuta kuwerenga, koma limayambira pa tsiku limene malowo analowetsedwa m'kaundulayu. Munthu akaona 1970 ndi chakuti pamzere woyamba amaganiza kuti wapeza chiyambi, chonsecho wangopeza tsiku limene mapepala anasamutsidwa. Zam'mbuyo zili m'kaundula wakale wa ma deed (zikalata zogulitsirana kapena kupatsirana malo), amene amafufuzidwa potsata maina a ogula ndi ogulitsa. Ubwino wa deed ngwakuti nthawi zambiri imatchula nambala ya deed imene inaitsogolera, ndiye mumangotsatira. Pa malo ena a ku Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba, mukatsatira mpaka kumapeto mumafika pa Certificate of Claim, mapepala otsimikizira umwini wa malo amene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anayamba kupereka kwa azungu cha m'ma 1892.

Pa deed iliyonse koperani tsiku, nambala, maina monga analembedwera ngakhale akuoneka olakwika, kukula kwa malo, mtengo, ndi mawu ofotokoza zimene zagulitsidwa. Kukula kudzakhala m'maekala, ndipo ekala imodzi ndi mahekitala 0.4047. Mtengo usanafike 1971 udzakhala m'mapaundi. Kwacha itayamba chaka chimenecho, paundi imodzi inali K2.

Koma mfundo yofunika kwambiri ndi iyi: mapepala onsewa amanena za dothi. Tsiku limene munthu anagula puloti si tsiku limene nyumba inamangidwa, ndipo nyumba imene ilipo lero ikhoza kukhala yachiwiri kapena yachitatu pamalo omwewo. Nkhani zambiri zonena kuti nyumba yakuti "ndi ya 1900" zinabadwa chifukwa chosakaniza zinthu ziwirizi. Chimene ma deed angakupatseni ndi zizindikiro chabe. Puloti ikagulidwa motchipa kenako n'kugulitsidwa mtengo wokwera kangapo patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, pakatipo panamangidwa kanthu. Ngongole ya ku banki kapena ku New Building Society yolembedwa miyezi ingapo munthu atagula malo imaloza komweko. Lizi ya boma, imene m'tauni kawirikawiri imakhala ya zaka 99, imakonda kulamula kuti wopatsidwa malo amange pasanathe nthawi yakutiyakuti, ndiye muiwerenge yonse, ngakhale mawu ang'onoang'ono akumapeto.

Zizindikirozi zimakupatsani zaka zoti mukafufuze ku khonsolo. Kumeneko funsani zinthu ziwiri: fayilo ya pulani ya nyumba ku nthambi yoona za mapulani, ndi mabuku a valuation roll amene amawerengera msonkho. Ine ndimakhulupirira kwambiri valuation roll kuposa pulani, chifukwa pulani ikhoza kuvomerezedwa nyumba osamangidwa, kapena kumangidwa ina yosiyana. Valuation roll imasiyanitsa mtengo wa malo ndi mtengo wa zomangidwapo, ndiye buku limene mbali yachiwiriyi yayamba kuoneka limakuuzani kuti woyesa mtengo anapezadi nyumba. Musaiwale kuti Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri, lililonse ndi khonsolo yake, mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1956. Nyumba za ku Lilongwe watsopano zambiri zinadutsa m'manja mwa Capital City Development Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1968.

Ku Department of Surveys mukapeza deed plan, mapu akale ndi zithunzi zojambulidwa pandege. Denga likaoneka pa chithunzi cha chaka china koma osaoneka pa cham'mbuyo mwake, mwatsekera nyumbayo pakati pa zaka ziwirizo. Mapu okha chenjerani nawo: chaka chosindikizira sichimafanana ndi chaka chimene anayeza, ndipo chachiwirichi chimalembedwa pang'ono m'munsi.

Tsopano ndiye mungapite ku Zomba, muli ndi maina ndi zaka. National Archives inatsegulidwa mu 1947, ndipo mudziwiretu kuti moto umene unaotcha maofesi a Secretariat, likulu la boma la atsamunda, mu 1919 unawononga mapepala ambiri a boma a zaka zam'mbuyo. Za nyengo imeneyo mudalira kwambiri zosindikizidwa: British Central Africa Gazette, imene inayamba mu 1894, nyuzipepala ya Central African Times imene inadzasanduka Nyasaland Times, ndi magazini ya mishoni ya Blantyre yotchedwa Life and Work. M'gazeti mumapezeka zidziwitso za malaisensi a sitolo ndi mahotela, makampani, chuma cha masiye ndi malo ogulitsidwa. Ngati nyumbayo inali ya boma, pemphani mafayilo a Secretariat, amene nambala zake zimayamba ndi S, ndi a Public Works Department. Fufuzani ndi maina akale, apo ayi simupeza kanthu: Fort Johnston ya Mangochi, Port Herald ya Nsanje, Fort Hill ya Chitipa, Cholo, Mlanje, Ncheu, Kota Kota. Lembani nambala ya fayilo pa tsamba lililonse la zolemba zanu musanayambe kukopera, chifukwa mawu opanda nambala simudzawapezanso.

Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ili m'nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Kumeneko kuli zithunzi zakale ndi magazini ya bungweli, imene inayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal. Pa chithunzi muziyang'ana zimene sizisintha, monga mzere wa phiri la Ndirande kapena Soche kumbuyo, kuti mudziwe pamene wojambula anaima.

Sitolo zakale za m'matawuni ang'onoang'ono zili ndi vuto lakelake. M'zaka za m'ma 1970 amwenye analamulidwa kuchoka m'madera akumudzi n'kukachitira malonda m'mizinda ikuluikulu, ndipo katundu wa anthu ena analandidwa pansi pa Forfeiture Act ya 1966. Mzere wa eni ake ukaduka pa zaka zimenezi, pitani ku gazeti ya boma ndi ku mafayilo a bwanamkubwa. Nkhanizi zikupwetekabe mabanja ena, choncho pofunsa muzifunsa mwaulemu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti njira yonseyi imathandiza kwambiri pa nyumba za azungu, za makampani ndi za boma, pamene nyumba za anthu ambiri sizinalowe m'mabuku amenewa. Za ku Ndirande, Zingwangwa kapena Kawale yambani ndi mafayilo a Malawi Housing Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1964, ndi a khonsolo imene inadzatenga mapuloti ambiri otere. Za kumudzi, kaundula wake ndi amfumu, ankhoswe, akuluakulu a mpingo ndi mabuku a ubatizo. Agogo musawafunse chaka. Afunseni kuti nyumbayo inalipo pa njala ya 1949, pa zipolowe za 1959, kapena, ngati ndi ku Zomba, pamene Napolo anatsika mu 1946. Afunseninso amene anaumba njerwa, amene anali kusukulu nthawi imeneyo, ndi mwana amene anabadwira m'nyumbamo. Funsani anthu awiri kapena atatu, aliyense payekha, chifukwa akakhala pamodzi wamng'ono amangovomereza zonena za wamkulu.

Nyumbayonso iunikeni bwino, muli ndi tepi ndi tochi. Kandani pang'ono pakati pa njerwa pamalo obisika: dothi kapena laimu zimafumbutuka, simenti imalimba. Yezani kukula kwa njerwa ndi kunenepa kwa khoma m'chipinda chilichonse, chifukwa pamene muyeso wasintha mpamene anaonjezera. Khonde lotsekedwa n'kusanduka chipinda limadziwika ndi denga lotsika ndi pansi potsetsereka pang'ono. Kwerani kudenga mukaone matabwa, ngati ndi a mkungudza kapena ocheka ndi sowo yamanja, ndiponso chidindo cha kampani kunsi kwa malata. Malata ndi mawindo zimasinthidwa, ndiye zikupatsani chaka cha kukonza kokha. Chaka chilichonse chimene mwapeza, lembani pambali pake kumene chachokera, ndipo musachilembe ngati chotsimikizika mpaka umboni wachiwiri wosachokera kwa woyambawo utagwirizana nacho. Pamene palibe wachiwiri, lembani kuti "pakati pa 1928 ndi 1934" ndi zifukwa zake.