Sabata imene kochi wathu ankafunidwa ndi yunivesite ina

Ndimagwira ntchito yolangiza osewera mpira pa nkhani za maphunziro pa yunivesite ina yomwe si ya boma kuno ku America. Mpira wake ndi wa kuno uja, wa anyamata 11 mbali iliyonse, ovala zipewa zolimba, amene amathamanga mpira uli m'manja. Udindo wanga ndi kuonetsetsa kuti aliyense wolowa m'bwalo Loweruka akukwaniritsa malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, omwe amafuna kuti wosewera akhale wolembetsa maphunziro okwanira, azikhoza mayeso, ndipo aziyandikira digiri yake chaka ndi chaka. Sabata imene ndikufotokoza inali ya pakati pa Novembala, timu yathu itapambana masewero ambiri kuposa momwe anthu ankaganizira, ndipo manong'onong'o anali atafala akuti yunivesite ina yaikulu ya boma ikufuna kutilanda kochi wamkulu.

Lolemba osewera athu sapita ku bwalo, chifukwa malamulo salola kuti zochitika za timu zipitirire maola 20 pa sabata kapena maola 4 pa tsiku, ndipo payenera kukhala tsiku limodzi lopuma. Kwa ife a maphunziro, limeneli ndiye tsiku lotanganidwa kwambiri. M'mawa ndinalowa mu ofesi ya a kochi nditanyamula mndandanda wa amene anajomba m'kalasi sabata yapitayo, monga ndimachitira nthawi zonse. Lamya yawo inali chafufumimba patebulo ndipo inkanjenjemera kosalekeza, koma iwo sanaigwire. Anatenga cholembera chofiira n'kuyamba kutsika ndi mayina, limodzilimodzi, mpaka anafika pa mnyamata wina wotchinga kumbuyo, amene timu yonse imamudalira, yemwe anali atajomba phunziro la mu labotale la kemisitiri. Anandifunsa ngati mnyamatayo anali ndi chifukwa chomveka, ndipo nditayankha kuti anangogonereza, analemba pambali pa dzina lake kuti sadzasewera gawo loyamba la masewero a Loweruka. Wachiwiri wawo woyang'anira otchinga anayesa kudandaula kuti masewero ake ndi ofunika kwambiri, koma a kochi anangoti, "Ndikamusiya lero, chaka chamawa simudzakhala naye masewero anayi." Ankanena za lamulo lakuti wosewera mpira amene sanakhoze maphunziro okwana makirediti 9 (mapointi amene wophunzira amapeza akakhoza phunziro) m'teremu yomwe masewero akuchitika akhoza kuletsedwa masewero anayi oyamba a chaka chotsatira.

Ndaona makochi ena amene mndandanda umenewu amangoupereka kwa wothandizira osauwerenga n'komwe. Kwa ine, apa ndi pamene pamadziwikira ngati munthu ali ndi mtima wokhalitsa pasukulu, chifukwa amene akukonzekera kusamuka mu Disembala sangalange wosewera wake wabwino pofuna kuteteza masewero a chaka chamawa.

Lachiwiri atolankhani anawafunsa maso ndi maso ngati akuchoka, ndipo iwo anayankha kuti maganizo awo onse ali pa masewero a Loweruka. Yankho limeneli silinatonthoze aliyense, popeza makochi onse amayankha choncho, kuphatikizapo amene akudziwa kale tsiku lonyamukira. Anthu a kuno sanaiwale momwe Brian Kelly anachokera ku yunivesite ya Notre Dame, yomwe si ya boma, kupita ku yunivesite ya boma ya LSU (Louisiana State University) kumapeto kwa Novembala 2021, pa mgwirizano wa zaka 10 wa madola 95 miliyoni, timu yake idakali ndi mwayi wopikisana nawo pa chikho cha makoleji cha dziko lonse la America. Mike Elko nayenso anachoka ku yunivesite ya Duke mu 2023 atangokhalako zaka ziwiri, n'kupita ku Texas A&M. Ngati Notre Dame, yomwe ili ndi chuma komanso mbiri yotchuka, inalephera kusunga kochi wake, anyamata athu anali ndi chifukwa chokwanira chodera nkhawa. Masana amenewo angapo anabwera mu ofesi yanga ngati akufuna thandizo pa nkhani yolemba, koma funso lawo lenileni linali lakuti makirediti awo angavomerezedwe kusukulu ina iwo atasamuka.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake kochi mmodzi amakhala wa mtengo wapatali chotere kwa ife, ayenera kuona kusiyana kwa mayunivesite. Yunivesite ya Wake Forest, yomwe si ya boma, ili ndi ophunzira a digiri yoyamba osafika 6,000 ndipo bwalo lake limalowa anthu 31,500, pamene bwalo la Michigan, yomwe ndi ya boma, limalowa anthu oposa 107,000. Ophunzira akachepa, ndiye kuti omaliza maphunziro amene angathandize timu ndi ndalama achepanso. Kuwonjezera apo, kuphunzira pa sukulu monga Duke kapena Vanderbilt kumadya madola oposa 80,000 pa chaka, kotero wosewera aliyense wophunzira mwaulere amadyera sukulu ndalama zambiri, ndipo mnyamata wofuna kudzilipirira yekha kuti ayese mwayi m'timu sapezeka wamba. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, ndipo khoti litavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, mu Juni 2025, sukulu zinayamba kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu iliyonse m'chaka choyamba, pa mitundu yonse ya masewero. Pa mpikisano wa ndalama wotere ife sitingapose sukulu zikuluzikulu za boma, choncho chimene timadalira ndi munthu wodziwa kusankha anyamata amene ena sanawaone, n'kuwaumba kwa zaka zinayi kapena zisanu, komanso kuwakopa kuti asathawe akayamba kudziwika.

Zimenezi ndinaziona bwino Lachitatu pa msonkhano ndi a ofesi yolandira ophunzira atsopano. Tinkakambirana za mnyamata wina wa ku sekondale, waliwiro kwambiri, amene makochi akhala akumutsatira kwa nthawi yaitali, koma zotsatira zake za masamu zinali zosakwanira pa muyeso wa sukulu yathu ngakhale zinkakwanira pa muyeso wa NCAA. Mayi woyang'anira ofesiyo anafotokoza mwaulemu kuti sakuona kuti mnyamatayo angakwanitse chaka choyamba. A kochi anandifunsa maganizo anga pamaso pa onse, ndipo ndinagwirizana ndi mayiyo. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha kuti papezeke njira yoti mnyamatayo abwereze phunziro la masamu ndi kudzaonedwanso mu Januwale, ndipo anati ngati zitakanikabe adzaimbira makolo ake iwo eni kuti mwanayo asachedwe kupeza malo kwina. Sanamenye tebulo kapena kuopseza kuti akadandaula kwa mkulu wa yunivesite, monga ndamvera kuti zimachitikira m'malo ena. Kochi wobwera kumene amatenga zaka kuti azolowere kugwira ntchito mkati mwa malire amenewa, ndipo ena sazolowera mpaka kuchoka.

Mbiri ya masewerowa ili ndi zitsanzo za zimene munthu wokhalitsa angachitire sukulu yaing'ono. Gary Patterson anatsogolera timu ya TCU (Texas Christian University) kwa zaka zoposa 20 mpaka 2021, ndipo mu 2010 timu yake sinagonje ngakhale kamodzi, n'kukagonjetsa Wisconsin pa masewero otchuka otsekera nyengo a Rose Bowl, zomwe zinathandiza kuti sukuluyo ilowe mu ligi ya Big 12 mu 2012, komwe kuli ndalama zambiri za wailesi yakanema. Dave Clawson anakhala ku Wake Forest zaka 11 ndipo mu 2021 anapambana masewero 11 ndi anyamata amene ambiri anawalera yekha pang'onopang'ono. Iye anatula pansi udindo mu Disembala 2024, nthawi imene kusamuka kwa osewera kunali kutasokoneza njira yolera timu modekha imeneyi. Nkhani ya Clawson imandidetsa nkhawa kuposa ya Kelly, chifukwa ikusonyeza kuti ngakhale wokhulupirika akhoza kutopa.

Lachinayi madzulo kunali mgonero wa anthu opereka ndalama ku timu, ndipo ine sindinaitanidwe. Lachisanu timu inakagona ku hotela, monga zimakhalira ngakhale masewero akhale a pakhomo, ndipo ine ndinakhala m'kachipinda kena ndikuyang'anira anyamata awiri amene ankalemba mayeso omwe aphunzitsi awo anatumiza mu envulopu yomata.

Loweruka ntchito yanga inali yolandira makolo a ana a ku sekondale amene anabwera kudzaona sukulu, popeza tsiku limene anawa amasainira sukulu yomwe akaisewerere linali pafupi, kumayambiriro kwa Disembala. Ndinali nditakonzeka kufotokoza za maphunziro ndi za aphunzitsi apadera, koma bambo wina anandidula mawu mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani, zonsezi tazimva, koma tiuzeni ngati a kochi adzakhalepo mwana wathu akamadzamaliza." Ndinawayankha kuti za mgwirizano sindizidziwa, koma ndinawasimbira za mndandanda wa Lolemba, ndipo ndinawalozera mnyamata wotchinga uja ataima pambali pa bwalo, chipewa chili m'manja, anzake akusewera gawo loyamba. M'gawo limenelo adani anadutsa mosavuta pamalo pake penipeni n'kugoletsa, moti ochemerera ena anayamba kukuwiza a kochi. Masewerowo tinapambana ndi mapointi atatu, a mpira womenya ndi phazi chakumapeto.

Lamulungu masana, timu isanayambe kuonera kanema wa masewerowo, a kochi anauza osewera kuti akana ntchito ya kwinako ndipo asainira mgwirizano watsopano. Anyamata anaimba m'manja ndi kuliza mluzu, koma ine chimene chinandikhudza ndinachimva pambuyo pake kwa mkulu wa zamasewero, kuti zimene a kochi analimbikira pokambirana zinali malipiro a makochi othandizira, omwe sukulu zazikulu zimatilanda chaka chilichonse, komanso kulemba mlangizi wina wa maphunziro mu ofesi yathu. Mgwirizanowo uli ndi ndime ya ndalama zimene ziyenera kulipidwa iwo atachoka nthawi isanakwane, ndipo sukulu yolemera ikhoza kuzilipira mosavuta, kotero manong'onong'o adzabweranso timu ikadzachita bwino. Malipiro awo enieni sitinauzidwe, chifukwa yunivesite yomwe si ya boma siikakamizidwa kuonetsa mgwirizano kwa atolankhani monga zimakhalira ku sukulu zambiri za boma. Tidzawaona m'chikalata cha msonkho chotchedwa Form 990 chikadzatuluka, patapita chaka kapena kuposerapo.